Maso Atsopano, Lamba Wakale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Opaleshoni ya maso ija, yogwiritsa ntchito kuwala kwa leza, ndachititsa, ndipo mantha anu aja anali achabe. Adokotala anandidonthezera mankhwala m'maso, kuwala kunathwanima, ine n'kumva kafungo ngati ka tsitsi lopserera. Basi, zatha! Magalasi okandikakandika aja ndataya. Pano ulusi ndikulowetsa pasingano kamodzin'kamodzi, moti anzanga osoka nawo akuti ndayamba matama.

Kungoti maso atsopanowa sasankha choona. Dzulo bambo akuvala jekete pabalaza, ndinaona kuti lamba wawo aboola mabowo ena awiri. Nditawafunsa anaseka, ati lambayo ndiye watalika. Mbale yawonso ikumabwerera momwe yapitira.

Tchuthi chanu chija musachisunthenso, chonde.

Ndine mlongo wanu,
woona patali tsopano