Mpopi wa Pansi pa Boti Lanu

Amayi, kaya kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno tadzuka, koma ine mtima sunabwerere m'malo. Ndiyambe ndi nkhani yabwino kuti musadzidzimuke. Alinafe, mwana wanu wotsiriza uja, wachira. Wabereka mwana wamkazi, mphuno yake yanu yomwe. Koma mmene anafikira kuchipatala ndi zimene zandigwiritsa cholembera lero, ndipo nkhaniyo ikukhudza boti lanu.

Chikuikireni m'manda, mvula sinapume. Bua wadzaza mpaka wameza madimba onse a kumunsi. Chimanga chamasula bwino, fodya tayamba kuthyola ngakhale m'chigafa akuchita nguwi chifukwa cha chinyezi. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa, ndipo ikubabe ndiwo za eni monga kale. Boti ndikuyendetsa ndine. Padooko palibe amene akuseka kuti mkazi wagwira nkhafi, poti munawazoloweretsa ndinu.

Mukuukumbuka mpopi wamkuwa uja wa pansi pa boti, chakumbuyo, umene timatsegula tikakokera boti kumtunda kuti madzi a mvula atuluke? Boti likakhala pamadzi, ndi wokhawo umene umatseka bowo pakati pa ife ndi mtsinje. Munkakonda kunena kuti boti silimira ndi mafunde, limamira ndi kabowo kamene ukukadziwa kale. Maliro atangotha, mpopiwo unayamba kuchita thukuta. Ndinawaza phulusa mouzungulira monga munkachitira, ndipo phulusalo linada nthawi yomweyo. Nditapala ndi mpeni, mkuwa wake unali wofiira, osati wachikasu. Paja munandiuza kuti mkuwa ukafiira ndiye kuti wavunda m'kati.

Alamu a Sitefano, amuna a Alinafe, anandipezera mpopi watsopano ku Lilongwe. Tsiku limene ndinatenga sipanala, alongo anu, amalume a Lefani, anandipeza padooko.

"Iwe Esinta, ukuchita chiyani pa katundu wa malemu?"

"Ndikusintha mpopi, amalume. Ukudontha."

"Katunduyu sitinagawe. Mpaka abale a ku Nsaru ndi ku Kabudula atabwera, palibe chochotsa, palibe choikapo. Ukufuna adzanene kuti tinayamba kusolola mkuwa mayi ako asanazizire n'komwe eti? Anthu uziwolotsa, poti n'chithandizo cha mudzi, koma sipanalayo bweza kunyumba."

Ndinapsa mtima, Amayi, sindibisa. Alongo anu mukuwadziwa, akanena kuti mwala ndi mbatata, chako n'kusonkha moto basi. Koma ndiwo mwini mbumba, ndipo abalewo anali atanena kale kuti adzabwera mvula ikatha. Ndinakulunga mpopiwo ndi mphira ya chubu, n'kumata sopo, n'kumayenda ndi chitini chokapira madzi. Ndinasiya kunyamula njinga ndi matumba. Ulendo uliwonse madzi ankachuluka kuposa wapitawo. Alinafe ndinamudandaulira kuti apite msanga kuchidikiro ku Namitete boti lisanaipiretu, iye n'kumati akamaliza kusoka fodya. Makani ake nawonso mukuwadziwa kumene anawatenga.

Lachiwiri m'mawa mimba inawawa, masiku ake asanakwane. Njira yozungulira kumlatho inali matope okhaokha, ngolo sikanadutsa. Tinamugoneka pamphasa pakati pa boti. Alamu anagwira nkhafi kutsogolo, ine kumbuyo kowongolera, ndipo amalume anakwera nawo atavala nsapato zawo za kutchalitchi, akuti mbumba yawo singawoloke yokha.

Tisanafike pakati, madzi anali atafika m'akakolo. Ndinkapalasa maso ali pa mpopi. Amalume anaona pamene ndinkayang'ana, anawerama kuti athandize, n'kugwira chogwirira chake kuti amangitse. Ndinakuwa kuti, "Musaugwire!" koma dzanja linali litapotoza kale. Unathyoka, Amayi. Mutu wonse wa mpopi unatsala m'manja mwawo, ndipo madzi anatumphuka pabowopo ngati pamjigo.

Mphasa ya Alinafe inayamba kuyandama. Iye ankabuula atagwira m'mphepete mwa boti, alamu atatembenuka kukamwa kuli yasa, iwo amene sadziwa n'kusambira komwe. Boti linalemera, mtsinje n'kuyamba kutikokera kumunsi, kumabango kuja munkatiletsa kuchapirako. Ndikanasiya nkhafi, tikanazungulira n'kugubuduka. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Kenako ndinaona chingwe chikuyandama. Chingwe cha chitsekero chanu chija, kamtengo ka malaina kosongoka kamene munasema n'kukamangirira pafupi ndi mpopi. Paja tinkakusekani kuti mayi wa chigwirizano wathunthu waveka boti chithumwa, inu n'kumangoti sekani, tsiku lake likubwera.

"Amalume, chingwe icho! Kokani! Lowetsani pabowo, pondani ndi chidendene!"

Chibadwire sindinawalamulepo amalume, koma tsiku limenelo ndinawakalipira ngati mwana. Anafufuza m'madzi amatopewo, chitsekero chinawapulumuka, anachigwiranso. Anavula nsapato imodzi n'kukhomera nayo, kenako anaimirira n'kupondapo ndi thupi lawo lonse. Madzi ankatulukabe m'mbali, ine n'kumati basi tathera pano. Pang'ono ndi pang'ono mtengo uja unafufuma, ndipo madzi anasiya kutumphuka. Ndinakuwira alamu kuti apalase asiye kundiyang'ana. Amalume sanasunthe phazi mpaka tsidya, milomo ikungoyenda, kaya linali pemphero kaya chiyani.

Tsidya lija anthu anatithandiza kumunyamula Alinafe, ndipo galimoto ya fodya imene inali pamsewu inamutenga pamodzi ndi alamu. Mwana anabadwa masana omwewo. Ine ndinatsala padooko ndi amalume. Anakhala pansi m'matope, nsapato kumwendo umodzi, chogwirira chothyoka chija chili m'manja. Kenako anati, "Esinta, ndikanapha mbumba yanga ndi dzanja langa lomwe." Ine ndinayamba kukapa madzi m'boti, ukali usanandichoke. Tikukwera kubwerera anati, "Ndibweretsa ng'ombe tilikokere botili kumtunda. A ku Nsaru akafunsa, uwauze abwere kwa ine."

Dzulo tinalikokera kumtunda n'kuligadabuza. Nati ya mpopi wakale inali itagwirana ndi dzimbiri, sipanala inangoterereka, mpaka ndinadula ndi sowo. Pamenepo ndiye ndinalira, Amayi, kuposa mmene ndinalirira kumanda. Mpopi umenewo munauika ndi manja anu chaka chimene bambo anatisiya, ine nditakugwirirani nati. Amalume anayang'ana kumbali, n'kupitiriza kupala dzimbiri kuzungulira bowo. Chitsulo cha boti chikadali cholimba, ndinagogoda paliponse. Ndinadula mphira ziwiri, ina kunja ina m'kati, n'kupaka phula, n'kulowetsa mpopi watsopano. Pomanga ndinakumbukira mawu anu aja, akuti nati ili ngati mkamwini, ukaifinya kwambiri imathawa, ukailekerera imagona. Ndinamanga mpaka pamene dzanja linandiuza kuti basi.

Lero m'mawa talibwezera pamadzi. Ndawaza phulusa, ndadikira, lili louma. Ndakweza amalume ndi miyala, ndapalasa kupita pakati n'kubwerera, phulusa louma ndithu. Koma mtima wanga sukukhulupirirabe, ndipo mawa ndikawazanso. Loweruka Alinafe atuluka m'chipatala, ndipo njira yobwerera kunyumba ndi yomweyi, ndi khanda m'manja.

Chogwirira chothyoka chija ndachiika m'sutikesi yanu pamodzi ndi zitenje, kuti abale akadzabwera adzapeze katundu yense, asadzati tinasolola kanthu. Chasalala mbali imodzi, pamene pankakhala chala chanu chachikulu. Tsiku logawalo ena adzatenge zitenje ndi mbuzi, ine ndidzapempha chimenecho.

Chitsekero chanu ndachiyanika, ndachimangiriranso pafupi ndi mpopi watsopano, ndi mfundo yanu yomwe ija. Palibe amene akuseka za chithumwa tsopano. Loweruka mdzukulu wanu ndimuwolotsa ndine, ndipo ndikukulonjezani, Amayi, Bua sadzamukhudza ngakhale chala.

Ndakusowani kwambiri padooko.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinta