Kuseri kwa Chitunda cha Namba Seveni

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji? Kuno ku Chamboli mvula yagwa kangapo ndipo fumbi lagona. Mtengo wa mango munabzala kuseri kwa bafa uja chaka chino wabereka mochititsa manyazi, nthambi imodzi yachita kutsamira pa denga. Ana a mumzere wathu akugenda kuyambira m'mawa, ine ndatopa nako kukalipa. Ndimangowayang'ana pa zenera n'kumaganiza kuti mukanakhalapo akanathawa osatembenuka.

Nkhani yabwino ndi yakuti Bupe, mkazi wa mlongo wanga Beni, wachira. Ndi mwana wamkazi, wamakutu aang'ono ngati anu, ndipo tamupatsa dzina lanu, Rozaliya. Atate sayerekeza kumuitana dzinalo. Amamunyamula ndi manja awiri ngati mbale yodzaza, n'kumati "amayi aang'ono". Chimanga cha kumunda wa kuseri kwa njanji chinacha bwino, koma tinakolola ndi anzathu osawadziwa, iwo anatenga cha kumunsi ife cha kumtunda. Sindinakwiye kwambiri. Masiku ano wakuba chimanga akhoza kukhala munthu amene mumakhala naye benchi imodzi ku Misa.

Mgodi uja munkati sungathe ngati madzi a mumtsinje wa Kafue, augulitsa, Amayi. Mpopi ukawonongeka palibenso galimoto ya kampani yobwera kudzakonza, magetsi a mumsewu anazima ndipo tinazolowera. Beni anamuchotsa ntchito, pano amagulitsa misomali ndi maloko kumsika. Pakhomo panu pano wolandira malipiro ndinatsala ine ndekha, ndi ka ntchito kanga ka taipi ku ofesi. Mankhwala a Atate, ufa, ngakhale matewera a Rozaliya, zonse zinkayang'ana ine. Ndiye titamva kuti eni ake atsopano atumiza munthu woti aone amene atsale mu ofesi ndi amene apite, ndinadziwa kuti nanenso ntchito ikhoza kundithera.

Atate ali bwino, kupatula makutu. Makina obowolera miyala aja anawadya makutu pang'onopang'ono, pano ukafuna kuwauza kanthu umayamba wawagwira phewa. Koma gofu sanasiye. Loweruka lililonse amamangirira ndodo zawo pa njinga, chipewa choyera kumutu, n'kuyamba ulendo. Ndimakumbukira mukuwaseka muli pakhomo: "Amuna akuluakulu, ndevu pepeya, kusaka dzira m'maudzu!" Komatu chipewacho munkachichapa ndinu, ndipo munkachiyanika pamalo pake pokha kuti chisagwire utsi wa ku mgodi. Mnzawo ankasewera naye uja, ba Mulenga, anabwerera kwawo ku Luapula atalandira ndalama zopumira, choncho Atate amasewera okha.

Bwalo la gofu mukanaliona simukanalizindikira. Thirakitala yotchetcha inafa, udzu m'malo ena umafika m'mawondo, ndipo m'mphepete amayi alima mizere ya mbatata. Koma m'mawa, nkhungu ikamachoka m'mitengo, limakongolabe moti munthu umaiwala kuti kunja kuno zinthu zikutha. Njiwa zimalira momwe zinkalilira ndili mwana, pamene Atate ankandidulira ndodo yakale kuti indikwane. Nthawi zina ndikamayenda pamenepo ndimamva ngati ndikuyenda m'maloto a munthu wina, munthu amene anagona kalekale mgodi ukadali mgodi ndipo sanadzukebe.

Mukukumbukira pa dzenje la namba seveni? Munthu ukaima pomenyera, kutsogolo kwako kuli chitunda, ndipo mpira umauluka n'kukagwera kuseri, m'chigwa chimene maso sakuona. Kale pa mtengo wa msuku wa m'chigwamo pankalendewera belu. Amene ali patsogolo akamachoka ankaliimba, ndipo a kumbuyo sankamenya asanalimve. Atate anandiphunzitsa lamulo limenelo ndisanadziwe n'komwe kugwira ndodo. Ankati, "Agine, kampira aka ni kang'ono koma kamapha. Kumene maso ako sanafike, mpira wako usafikeko." Belu lija anaba anthu ogulitsa zitsulo, patsala waya wokha. Pano anthu amangoyerekeza, amadikira pang'ono n'kumenya, akakaikira amakuwa kuti "Foo!" kuchenjeza amene ali kutsogolo. Nanga kukuwa kungamuthandize chiyani munthu wosamva?

Ndipo inu mukudziwa chimene Atate amachedwera m'chigwamo. Munandiuza nokha tikusenda nyemba, kuti munali mtsikana mwangobwera kumene kuchokera ku Katete, mwalowa mozemba kudzatola masuku, ndiye mnyamata wonyamula chikwama cha mzungu anathamanga kudzakukokani dzanja mpira usanagwe. Munkati munamutukwana chifukwa masuku anatayika. Chimwalirireni inu, Atate akafika pa msuku uja amatsamiritsa chikwama, amavula chipewa n'kukhala pa muzu. Ndinawaonapo ndili patali, milomo ikuyenda, nthawi zina akuseka. Sindinawafunsepo, ndipo iwo sanandiuzepo.

Munthu anatumidwa ndi eni atsopano uja ndi ba Sikazwe, amakhala ku Kansenshi ku Ndola, amabwera pa galimoto yoyera. Si munthu woipa ayi, ndi munthu wothamanga basi, woyang'ana wotchi uku akukupatsa moni. Atamva kuti mu ofesi muli mayi wodziwa gofu, anandiitana kuti Loweruka ndikasewere nawo. Anzanga anandizungulira ngati ndikukwatiwa. Wina anati mwayi wotere subwera kawiri, wina anati ndiseke nthabwala zawo zonse, ndipo onse anagwirizana pa chimodzi, chakuti ndisayerekeze kuwapambana bwana. Ndinamvera, Amayi. Maenje oyambirira ndinkaphonya dala, mwaluso ndithu kuti asazindikire, iwo n'kumandilangiza kagwiridwe ka ndodo ine n'kumathokoza. Mukanandiona mukanandifunsa kuti mwana wa ndani ameneyu.

Tili pa namba sikisi ndinakweza maso, ndipo ndinaona chipewa choyera chikukwera chitunda cha namba seveni pang'onopang'ono, kenaka chinamira kuseri. Ndinadziwa kuti Atate akukakhala pansi pa msuku, pamalo enieni pamene mpira wa munthu wamphamvu umagwera, ndipo ba Sikazwe amamenya mwamphamvu.

Pa gofu pali mwambo wina umene mwina Atate sanakuuzeni. Amene wapambana dzenje limene mwangomaliza ndiye amayamba kumenya pa dzenje lotsatira, mnzakeyo amaima pambali mpaka iye amenye. M'mawa wonse woyamba anali bwana, chifukwa ine ndinkaluza. Ndiye pa namba sikisi ndinasiya masewera. Ndinaima momwe Atate anandiimikira ndili mwana, ndinamenya kamodzi mpira n'kugwa pafupi ndi mbendera, ndinaukankha n'kumva gobede m'dzenje. Ba Sikazwe anandiyang'ana ngati nkhuku yayankhula. Anati, "Ah, madamu, kanshi mumaziba!" Ine ndinangoti ndi mwayi chabe.

Tinafika pa namba seveni, ine woyamba. Ndinaika mpira wanga, n'kuima. Ndinapukuta ndodo, ndinamanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke, ndinaponya udzu m'mwamba kuona kolowera mphepo ngakhale kunalibe mphepo.

"Menyani, madamu," anatero bwana. "Mudala uja apita kudala."

Ndinati, "Sitinawaone akutuluka, bwana. Ndipo belu silinalire."

"Belu iti? Si banaiba? Ine nifunika kufika ku Ndola pa fotini awazi. Tizakuwa kuti foo, azamvera."

"Samva, bwana. Ndi atate anga."

Ndinaganiza kuti mawu amenewo akwanira, ndipo kwa kanthawi anakwaniradi. Anayang'ana chitunda, anayang'ana wotchi. Kenaka anati ngati ndi bambo anga ndiye ndithamange ndikawauze kuti apatuke ife tidutse, pakuti munthu wochedwa amayenera kupereka njira. Sananame, lamulo limatero. Miyendo ndinali nayo, chitundacho si phiri. Koma Amayi, ndani amakagwira phewa la bambo ake akucheza ndi mkazi wawo, n'kuwauza kuti nyamukani, bwana akufulumira? Munthu amene mgodi unamutenga makutu, mnzake anapita, inu munapita, chatsala ndi muzu umodzi wa msuku Loweruka m'mawa. Ndinalephera, ndipo sindinafunenso kuyesa. Ndinati, "Atuluka okha, bwana. Tidikire."

Pamenepo nkhope yawo inasintha. Anati ngati ine sindikufuna kumenya ndiye ayamba iwo, amenya chakumanzere kutali ndi mtengo. Anawerama n'kuika mpira wawo. Ine ndinali nditauona mpira wawo m'mawa wonse, akaulozera kumanzere umakhotera kumanja ngati woledzera wodziwa kwawo. Sindikudziwa kuti nzeru inachokera kuti, mwina kwa inu. Ndinayenda pang'ono kupita kutsogolo kwawo, ndinakonza siketi yanga, n'kukhala pansi pa udzu, moyang'ana chitunda, msana ndawapatsa iwo. Aliyense wogwira ndodo ya gofu amadziwa kuti munthu akakhala kutsogolo kwako, ngakhale akhale mdani wako, ndodo siikwera.

Chodabwitsa n'chakuti nditakhala pansi mantha anandithera. Udzu unali wonyowa, unkanunkhira mvula. Kutali utsi wa ku mgodi unkakwera mowongoka, waulesi, ngati nawonso sukudziwa kuti ukugwirira ntchito ndani. Gulugufe wachikasu anatera pa nsapato yanga. Ndinamva ngati tili atatu, inu ndi Atate kuseri kwa chitunda mukukangana za masuku otayika aja, ine kuno ndikulondera pakhomo monga ndinkachitira ndili mwana mukatseka chitseko kuti mukambirane za akulu. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Kumbuyo kwanga ndinamva bwana akutola mpira wawo, akutseka zipi ya chikwama. Anati, "Tizaonana ku ofesi, madamu," ndipo anayenda kulowera kumene anaimika galimoto. Sindinatembenuke. Patapita nthawi chipewa choyera chinatulukira kutsidya kwa chigwa, chikuyenda mosafulumira kupita ku mbendera.

Kumapeto kwa mwezi anandiitana pamodzi ndi anzanga ambiri n'kutiuza kuti ntchito yatha. Sindinganame kuti chinali chifukwa cha tsiku lija, pakuti ena amene sanagwirepo ndodo ya gofu chibadwire nawonso anapita. Mwina dzina langa linali litasankhidwa kale. Mwina ndikanaseka nthabwala imodzi yowonjezera ndikanatsala. Ndalira, sindikubisirani, ndipo masiku ena ndikaona thumba la ufa likufota ndimadzifunsa ngati sindinachite zopusa. Pano ndayamba kusoka mayunifolomu a sukulu pa makina anu aja, lamba wake ndinasintha. Tikudya, ngakhale si monga kale.

Atate akudziwa kuti ntchito inatha, koma za pa namba seveni sakudziwa ndipo sadzadziwa. Sanaone kuti kumbuyo kwawo kunali anthu. Loweruka lomwelo ndinawapeza pa geti la bwalo akumangirira ndodo pa njinga, nkhope ili ngwee ngati ya munthu wochokera kolapa. Ndinawagwira phewa. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kunena mokweza monga amayankhulira anthu osamva: "Agine, lero nacheza nawo amako mpaka nakhuta. Palibe ananisokoneza." Ndinawathandiza kumanga chingwe, mutu nditaweramitsa kuti asaone maso anga.

Ndiye ndili ndi pempho limodzi, Amayi. Chezani nawo, ndikudziwa kuti munasowana. Koma mukaona kuti dzuwa lakwera, muziwauza kuti nyamukani bambo, kwatsala maenje ena. Ndipo chonde musawauze msanga kuti bwerani kuno, ife tikuwafunabe. Kumbali yanga ndikulonjeza kuti Loweruka lililonse, malinga Atate akukwerabe njinga ija, ndizikhala pa namba seveni iwo akamira kuseri kwa chitunda. Nthawi ndiye ndili nayo yambiri tsopano. Kaya abwere bwana wa mtundu wanji, adzandipeza nditakhala pa udzu, ndipo palibe mpira udzadutse pamwamba panga inu awiri musanamalize kucheza.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,

Aginesi