Chiphaso cha Chikondi

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Balakako? Ife kuno ku Glasgow tili bwino, kupatula bondo langali lomwe siligwirizana ndi kuzizira.

Boma la dziko la Aluya komwe mwana wanu Chikondi adapeza ntchito ya unamwino limanenetsa kuti ndi dziko limodzi: mafumu asanu ndi awiri, mbendera imodzi, khomo lotsekukira aliyense wodziwa ntchito.

Chikondi adaganiza kuti zili ngati kwathu, komwe zonse zimathera ku Lilongwe. Adalemba mayeso a unduna wa zaumoyo wa dziko lonselo, nakhoza bwino. Adasiya ntchito yake ku Gorbals, dera lina la kuno ku Glasgow, nabweza makiyi a nyumba. Kutchalitchi tidamupempherera, ndipo jekete lake adapatsa mayi wina wa kwaya, ati kuchipululu n'losafunika.

Kenaka a chipatala chomwe chidamulemba ntchito ku Aluyako adaimba foni. Mzinda wawo uli ndi mfumu yakeyake, komanso bungwe lakelake lopereka ziphaso kwa anamwino. Chiphaso cha unduna pachokha sichikwanira kumeneko. Ayambe kupempha china, koma malowo sangamusungire.

"Amalume, nanga undunawo ndi wa ndani?" adandifunsa.

"Wa mafumu enawo," ndidayankha. "Udaodira pakhomo pa aneba."

Sadaseke.

Chonde lekani kuuza anthu kuti adanyamuka kale. Mumuimbire foni, koma musamukalipire. Mulonjere alamu, ndipo Ambuye akusungeni nonse.

Pakadali pano Chikondi akugona pasofa kwathu ku Springburn, ndipo akuvala jekete langa.

Ine mlongo wanu,
Yohane