Bokosi Lolemera la Galamafoni Yanga

Lolemba, 5 Meyi

Wolemba ndine kalipentala wa nyumba yomalizira mumsewu uno, zaka 79 ngati chiphaso sichinama. Kusukulu sindinapondeko. Manambala ndinawadziwira pa tepi, zilembo ndaphunzira imvi zili mbuu. Ndiye ndimalemba ngati ndikupala thabwa, pang'onopang'ono.

Khutu lamanzere linafa kalekale ndi makina ochekera matabwa. Latsala limodzi. Dzulo kunabwera mwana wanga wamkazi, akuti anagogoda pageti mpaka dzanja kuwawa. Mawu ake: "Ababa, lotsalalo likangotseka, mukukakhala nafe. Nokha muno ayi." Kwawoko ndi nyumba yosanja, iwo ali pamwamba. Benchi langa silingakwere masitepe amenewo. Nanga kalipentala wopanda benchi ndi ndani?

Atapita ndinaika mbale pagalamafoni. Oimba ngati ali m'chidebe. Ndiye chimodzi mwa ziwiri, bokosi kapena khutu. Bokosi limene galamafoni imakhalapo ndi la pulayiwudi wopyapyala, limanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Ndasankha bokosi.

Lachitatu, 7 Meyi

Galamafoni ndinainyamula kupita nayo kwa a Mawaya, mnzanga wokonza mawailesi. Anaitsegula, anaisuzumira. Akuti singano ili bwino, mota ali bwino. "Bokosi lanuli likuimba nawo, madala. Galamafoni imafuna pokhala polemera, posagwedera. Mmisiri wamkulu inu, mukuikhazika pa katoni?" Ndinaseka kwambiri. Mtima unakhala pansi. Koma mawuwo anawanena kawiri, poyamba anali atayang'ana kukhoma, ine osamva.

Masana kusankha matabwa. Ife thabwa sitisankha ndi maso okha. Umaligogoda ndi chala chopinda, limakuyankha. Louma limati ngwe, lofumbwa limati bu. Ndinagogoda chitseko chakale chili kuseri, bu. Paini wouma, bu. Thabwa limene ndikulidziwa bwino, lolira ngati belu, bu. Ndinakhala pansi pa utuchi.

Kenako ndinati mwina ndi chinyezi. Ndatenga chitseko.

Loweruka, 10 Meyi

Chitseko ndachicheka zidutswa zitatu. Kuzisanja, chapakati chopingasa kuti zisadzapindike. Guluu wambiri, makalampu onse amene ndili nawo. Malo a mota ndaboola ndi tchizulo, modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Manja akadali anga, amenewa sanandithawe.

Mwana wanga anandipeza ndikupala. Ndinangoona chithunzithunzi pansi, ndinadzidzimuka mpaka pulena kugwa. "Ndakuitanani kuyambira pakhomo, ababa." Ndinati pulena amasokosa. Anayang'ana pulenayo, anayang'ana ine. Pulena wamanja amasokosa chiyani? Anangosesa utuchi, ntchito imene sanaigwirepo chikwatiwire.

Ndinamuuza kuti bokosi likatha adzamve yekha, vuto linali matabwa. Akuti chabwino, adzabwera ndi bambo a kwawo. Mkamwini ndi munthu waulemu, koma akabwera ndi galimoto ndiye kuti kuli zonyamula.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndamangirira mota, ndakhazika mkono wa singano. Levulo pamwamba, kadontho pakati penipeni. Bokosi lolemera, kulinyamula mpaka msana kulira.

Ndinaika mbale ija ya gulu la magitala, imene ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Ng'oma ikumveka, patali. Gitala wamkulu pang'ono. Koma mayi woimba uja palibe. Ndikudziwa pamene amalowera, ndinamudikira, sanalowe. Ndinabweza singano. Sanalowenso.

Mantha.

Mwina tebulo ndi limene likugwedeza. Ndadula chubu cha njinga, ndapanga timiyendo tamphira. Pansi pa bokosi ndakumba mphako, ndathiramo mchenga wouma wosefa, ndatseka ndi kathabwa. A Mawaya anati mchenga umameza kunjenjemera konse. Umeze basi. Mawa mayi uja aimba.

Lachinayi, 22 Meyi

Masiku onsewa osalemba. Ndinalibe cholemba chabwino.

Ndinawonjezera mchenga. Ndinasintha mphira. Ndinachotsa galamafoni patebulo, ndinaikhomera shelefu pakhoma. Kupaka vanishi kumene sikukhudza mawu n'komwe, ndinapaka.

Lero a Mawaya anabwera kudzamva. Anakhala pampando, anatsinzina, mutu uku ndi uku. Nyimbo itatha anaomba m'manja. "Madala, mwapha! Mayiyu ngati waima pakhomo apa. Ndikumva ndi pamene akukoka mpweya." Ine kugwedeza mutu, eya, eya, mano panja. Mayi ake ati? Ine ndimamva ngati anthu akuimba kutsidya kwa mtsinje, mphepo ikupita nazo kwina.

Tili pomwepo analowa mayi a nyumba yoyandikana, manja m'chiuno. Akuti khanda lawo likulephera kugona sabata yonse, kodi ndatsegula bala? A Mawaya anandiyang'ana, anatsitsa mawu a galamafoni. Atatsitsa, kwa ine kunangoti zii. Mbale ikuzungulira, iwo akugwedezabe phazi.

Atapita ndinaika dzanja pabokosi monga ndimachitira nthawi zonse. Phee, ngati mwala wa pamanda. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira. Bokosi lakale lija limanjenjemera, ng'oma imalowera m'chikhatho. Kaya ndi miyezi ingati ndakhala ndikumvera ndi dzanja, ine n'kumati ndi khutu. Ndapanga bokosi labwino kuposa onse amene ndinapangapo, ndipo landilanda ndi kochepa kamene ndinali nako.

Loweruka, 24 Meyi

Kogula matabwa m'mawa. Ndimayang'ana mulu wa paini, wina anandikoka malaya mwamphamvu mpaka mabatani kuthothoka, tonse pansi. Lole ikubwerera m'mbuyo, tayala linadutsa pamene ndinaima. Chipewa changa chaphwanyika. Dalaivala anatsika, akuti analiza hutala, anthu onse anakuwa. Wondikokayo, bambo wonyamula matabwa, anandikuwira kukhutu: "Agogo, mukufuna kutisiyira maliro?"

Ndinabwerera wopanda thabwa. Njira yonse m'mphepete mwenimweni, kucheuka ngati wakuba. Msewu umene ndayendamo moyo wanga wonse.

Mawa mwana wanga ndi mkamwini akubwera. Ndikhoza kuwanamiza. Mbale ija ndimaidziwa, ndikhoza kuyang'ana singano n'kumaimba nawo pamalo pake, iwo n'kupita okondwa. Ndayeserera masana onse. Zikutheka. Koma lole siinamizidwa.

Lamulungu, 25 Meyi

Ndatsitsa galamafoni pashelefu. Ndatsegula kathabwa ka pansi, mchenga wonse ndakhuthulira panja. Mphira ndachotsa. A Mawaya akadzaona adzati ndapenga, ndawononga ntchito. Awo ali ndi makutu awiri. Ndaika mbale, dzanja pabokosi. Ng'oma yabwerera, pang'ono, m'nsonga za zala. Mayi uja ayi. Ameneyo wapita.

Tsamba ili ndilisiya lotsegula patebulo, ine ndikhala ku benchi.

Iwe mwana wanga, silinali bokosi. Unanena zoona. Kwa adokotala a makutu kumene ndimakana kuja, ndipita, unditengere. Akalephera, sindilimbanso mutu. Koma ndikuopa, mayi. Osati lole. Ndikuopa kukhala pawindo m'mwamba muja, manja pamiyendo, kumaonera milomo ya anthu.

Benchi ndaliyeza. Miyendo yake ndi ya mabawuti, imachoka. Ndikalidula kumapeto likhoza kukwana pakhonde panu, ngati bambo a kwanu angalole utuchi. Makina sinditenga, pulena ndi tchizulo basi. Uwafunse iweyo, ine manyazi.

Usabwere kudzandiyankha pakamwa. Udzakuwa, ine ndidzagwedeza mutu, ndidzati eya osamva kanthu. Pensulo ili pomwepo. Undilembere pansipa, zilembo zikuluzikulu, ndiwerenga ndekha pang'onopang'ono. Benchi likwera kapena ayi?