Nsapato za ku Sozibele

Chirimba,
Blantyre,
9 Juni 1928

Okondedwa achimwene a Stafford,

Musanawerenge kalatayi vulani chipewa, chifukwa amene akukulemberaniyu si munthu wamba. Ndine Bennet Kapyepye, mkulu wanu, wophunzira mpaka Sitandade 3 wolephera kawiri kokha, woimba belu la tchalitchi wopuma pantchito, ndipo kuyambira Lolemba lapitali ndine Mlangizi Wamkulu wa Othamanga Onse a ku Chirimba. Wothamangayo alipo mmodzi, mwana wanu Hilary, ndipo malangizo anga sawamvera, komabe udindo ndi udindo.

Kuno tili bwino. Chifuwa changa chikadalipo, tazolowerana. Alamu anu akuti moni, ndipo andichenjeza kuti ndisakulembereni zopusa.

Chaka chatha munandifunsa m'makalata awiri kuti nsapato munatumiza kuchokera kwanuko ku Sozibele zija zinayenda bwanji pampikisano. Ine ndinakuyankhani za nkhuku ndi za mvula. Sikuti ndinaiwala ayi, ndinkaopa. Lero ndikuuzani.

Inu munachoka mpikisanowu usanayambe, ndiye ndifotokoze. Chaka ndi chaka, patsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu ya ku Mangalande, amuna amathamanga kuchokera pa siteshoni ya Limbe mpaka kubwalo la masewera ku Blantyre, ndipo wopambana amalandira bulangete. Aliyense ankati bulangetelo ndi la Hilary, poti ntchito yake kusitolo ya a Praful ndi yomweyo, kuthamangitsa makalata a maoda pakati pa Limbe ndi Blantyre kawiri patsiku, alibe nsapato. Phazi lake ndi lotambalala ngati khasu, ndipo minga ikaliona imathyoka yokha.

Nsapato zanu zinafika kutatsala sabata imodzi. Zachikopa, zakuda, zolira kwii kwii, moti Chirimba yense anabwera kudzazimvera. Mkati mwa yakumanja tinapezamo kaluzi ndi kapepala kanu koti, "Uwu ndi muyeso wa phazi lako umene ndinatenga tsiku lonyamuka. Ndawonjezerapo zala zitatu poti wakula." Achimwene, tsiku lonyamukalo linali la mu 1915, Hilary ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Zala zitatu! Munthu wa ndevu, wa mkazi, wa mwana wake Ursula amene inu simunamuonepo.

Ine ndinaseka mpaka chifuwa chinandikhazika pansi. Hilary sanaseke. Anayala kaluziko paphazi pake, kanathera panjira, ndipo anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba.

Mkazi wake Mildred anati, "Bambo a Ursula, zimenezi tizipachike pakhoma, alendo azizionera."

Iye anati, "Abambo atumiza kuti ndithamange nazo."

Ine ndinati, "Mwana wanga, imodzi uvale kuchala chachikulu, inayo uipatse Ursula azigonamo."

Hilary anatenga nsapatozo. Anazinyika m'madzi masiku awiri, anazipaka mafuta a nsatsi, kenako anakankhiramo mapazi zala zitapindika ngati za nkhuku yophika.

Patsikulo, mpaka pa Chichiri anali patsogolo, nsapato zikulira msewu wonse. Pofika pa Ginnery Corner anali akutsimphina, anzake akumudutsa mmodzimmodzi. Anthu anayamba kukuwa kuti, "Vula, Bwana Nsapato, vula!" Sanavule. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kubwalo, womalizira, anthu atatembenukira kale kumpikisano wa njinga. Tinachita kuzing'amba ndi mpeni. Zikhadabo zinayi zinatsalira momwemo.

Anakhala miyezi iwiri osaponda bwino. A Praful anamusungira ntchito, anamuika polongedza katundu kuseri kwa sitolo, koma mapazi atapola iye anakana kubwerera pamsewu, chifukwa kuyambira ku Limbe mpaka ku Blantyre dzina lake linali Bwana Nsapato. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, ngakhale zimene ndimasungira pamaliro. Mildred anayesa kupemphera ndi kukalipa. Iye ankangodya n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Amene anamudzutsa ndi Waziri, bambo wachiyao wokoka gareta lonyamula anthu ku Limbe, yemwe anatenga bulangete lija. Tsiku lina anabwera kusitolo, ine ndili pakhonde ndikucheza ndi atelala, ndipo anafuula kuti, "Bwana Nsapato alipo? Ndabwera kudzadandaula!"

Hilary anatuluka nkhope ili gwa. "Mukufuna chiyani?"

"Bulangete lija silikufunda, achimwene. Ndikadutsa pamsika anthu akuti, uyo anapambana nsapato uja. Mkazi wanga yemwe akutero."

"Nanga ine nditani?"

"Ndikufuna ndikugonjetseni bwinobwino, muli ndi mapazi anuanu, kuti anthu andisiye. Mawa m'mawa ndikudikirani pa siteshoni. Mukapanda kubwera ndidzabwera ndi gareta, ndidzakukwezani ngati dona, tidzazungulira Limbe yense."

Hilary anaseka nati, "Gareta lanulo lingandikwane?" Kumeneko kunali kuseka kwake koyamba.

Kuyambira pamenepo ankathamanga awiriwiri m'mawa uliwonse ntchito isanayambe, akutukwanana njira yonse. Nkhani imeneyi ndaiganizira kwambiri, poti munthu wokalamba ntchito yake ndi kuganiza ndi kutsokomola. Ife omukonda tinkamugwira ngati dzira, ndipo tikamatero ankaona kuti waswekadi. Waziri sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Ankangomufuna pamsewu, ndipo ndi chokhacho chimene mwanayu ankasowa kumva, kuti pali wina amene akumudikira penapake. Sindikunena inu, achimwene. Kapena ndikunena pang'ono.

Lolemba lapitali anathamanganso. Pa Ginnery Corner anthu anayambanso nyimbo yawo ya Bwana Nsapato, iye n'kuwakwezera phazi limodzi m'mwamba ali chithamangire, kuti aone okha. Analowa m'bwalo woyamba, Waziri ali m'mbuyo ndi mapazi atatu okha, akukuwa kuti, "Mubwezereni nsapato, munthuyu watipweteka!" Mildred analulutira mpaka mawu anatha. Atalandira bulangete, Hilary anandigwira dzanja nati, "Abambo aakulu, mukawalembere abambo kuti ndathamangira iwo."

Tsono pempho langa ndi ili: musatumizenso nsapato. Ngati manja akukuyabwani, tumizani jekete la ine, muyeso wake ndi womwe uja, ndangochepa pang'ono.

Alamu anu akupatsani moni kachiwirinso. Mildred akuti moni apongozi. Ursula sakudziwa kuti moni wake akupita kwa yani, koma ndamugwiritsa pensulo, ndiye kamzere kokhota kali m'munsimuka ndi kake. Pamanda a mayi ake a Hilary tinalambula mwezi watha, iye ndi ine.

Ndine mkulu wanu wokukondani,
Bennet Kapyepye

Ndinali nditamata kale envulopu, ndayimatulanso. Mpikisano ndi woona, zikhadabo ndi zoona, Waziri mukhoza kudzamuona nokha. Koma mawu aja akuti "ndathamangira iwo" ndapeka ine. Chimene Hilary ananena atandigwira dzanja ndi chakuti, "Madzi alipo?" Dzina lanu sanalitchule chaka chonsechi, ndipo kalata yanu ikafika amatuluka panja ine ndikamawerenga, ngakhale sapita kutali ndi zenera. Ndinafuna kufufuta bodzalo, koma ndalisiya kuti mumve kukoma kwake. Ine ndikhoza kukupekerani mawu ena chaka ndi chaka mpaka chifuwa chinditenge, koma enieniwo sangalowe mu envulopu. Sitima ya ku Beira ikufikabe pa Limbe, achimwene. Sindikulonjeza kuti adzanena. Ine ndidzabwera kudzakuchingamirani, ndipo ndidzayesa kumukoka.