Mapiritsi a Pa Ngodya ya Kapulana

Cuamba,
16 Julayi 2024.

Okondedwa achimwene a Gibson,

Moni ndikupatsani chifukwa mayi anandilera bwino, osati chifukwa mtima wanga wazizira. Ndasankha kulemba popeza pa telefoni mumalankhula nokha, mukatha n'kudula.

Bambo ali kuno ku chipatala cha Cuamba. Dzanja lamanja, labwino lija, lathyoka pamfundo atagwa pophunzira kuyenda, ndipo lili m'chikhakha. Lamanzere mukudziwa kale kuti linafa pamodzi ndi mwendo pomwe sitiroko inawagwetsa m'munda mwezi wa Epulo. Tsopano mayi ndi amene akuwadyetsa.

Munandiuza kuti, "Iwe Tionge, zolimbitsa thupi zakozo ndi zimene zikupha bambo. Wakhala dokotala liti?" Dokotala sindine, n'zoona. Koma zaka zimene ndinakhala ku Nampula ndikuphunzira kudzutsa ziwalo zakufa sindinkakazinga chimanga. Ndimvereni kamodzi kokha mpaka kumapeto.

Nditabwerera kumudzi ku Ngauma ndinamanga nsungwi ziwiri m'chigafa cha fodya, zoti bambo azigwira pophunzira kuyenda. Masabata oyamba zinkayenda. Ankaimirira, ankaponda katatu, kanayi, n'kumanditukwana mosekerera. Kenaka mu Juni munthu anasintha. Dzuwa lili pamutu akuodzera. Mapazi kutupa. Ndikawadzutsa pampando maso ankachita mdima, maondo n'kupinda. Ankati, "Mwanawe, dziko likuzungulira." Ine ndinkayesa ulesi. Ndinafika ponunkhiza kukamwa kwawo, kuganiza kuti anzawo akuwabweretsera kachasu kuseri.

Chimene chinali kuzunguza dziko ndachidziwa kuno. Namwino wina wachikulire, mayi Aida, anawayeza kuthamanga kwa magazi atagona, n'kuwayezanso titawaimiritsa. Manambala anagwa ngati mwala m'chitsime. Anatembenukira kwa mayi athu.

"Mayi Luciya, amuna anuwa akumwa chiyani?"

"A ku Mandimba aja, kamodzi m'mawa."

"Amenewo ndawaona m'kabuku. Ndikufunsa enawo. Ine ndakalambira kufupi ndi malire kuno, ndikudziwa kuti nyumba iliyonse ili ndi zipatala ziwiri."

Mayi anayang'ana pansi, n'kumasula ngodya ya kapulana, chitenje chawo chija. Munatuluka timapepala tiwiri ta mapiritsi, tolembedwa dzina la kachipatala kolipira ka ku Limbe kwanuko. Oyamba ndi otsitsa magazi, mtundu womwewo umene bambo analandira ku Mandimba, kusiyana maonekedwe basi. Akhala akumwa kawiri chimene anayenera kumwa kamodzi. Enawo ndi ogonetsa, aja amafooketsa minofu n'kulanda munthu mphamvu yoima chilili. Kwa nkhalamba ya mwendo umodzi, achimwene!

Munapita nokha kukafotokoza matenda a munthu amene simunamuone chidwalireni, anakupatsani, inu n'kupatsira woyendetsa shapa, minibasi ija ya ku Chiponde. Ndipo munawauza mayi kuti, "Musamuuze Tionge, amadzimva sukulu." Mayi anakumverani. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Tili othawa nkhondo mankhwala a ku Malawi ndi amene anachiritsa Gibisoni chikuku. Iwe unali usanabadwe. Ndiye ndikanataya bwanji?" Mayi sindiwakwiyira. Iwo sawerenga. Inu mumawerenga.

Mukudziwa chimene chimandiwawa? Anthu onse a kwathu muli chimodzimodzi. Kabuku ka chipatala kamodzi m'thumba, kena kobisa pansi pa mphasa, ndipo munthu akagwa mumaloza chala wophunzitsa kuyenda. Piritsi silioneka likafika m'mimba, koma nsungwi zanga aliyense amaziona.

Tsopano ndinene mbali yanga, musadzaimve kwa ena atathira mchere.

Ku sukulu anatiphunzitsa kuti usanaimiritse wodwala, funsa mankhwala onse amene akumwa, yeza magazi atakhala, yezanso ataima. Kwa odwala a eni ake ndimachita. Kwa bambo anga sindinachite, ndinkati ndikudziwa zonse za m'nyumba mwathu. Makina oyezera anali m'chikwama changa tsiku lililonse.

Ndipo tsiku limene anagwa sindinawagwire. Ndimawamanga nsalu m'chiuno, ine n'kugwira kumbuyo. Tsikulo ndinaisiya. Manja anga onse awiri anali pa telefoni, ndikujambula kanema. Ndinkafuna kukaonetsa akuluakulu a zaumoyo kuti nsungwi ziwiri ndi munthu wophunzira zikhoza kudzutsa odwala a ku Ngauma, kuti atsegule chipinda cha ntchito imeneyi kwathu n'kundiika ine. Ndatopa kudikira ntchito ndi satifiketi m'sutikesi. Bambo anati, "Lero ayi, mutu sukundilola." Ine ndinati, "Bambo, ulesi umenewo. Munthu wolima fodya n'kuopa nsungwi?" Anandiyang'ana, n'kuimirira. Chifukwa cha mawu amenewo.

Ndiye inu munawapatsa chizungulire, ine ndinachotsa dzanja. Nditukwaneni, ndilandira. Koma galimoto imene mwati mutumiza pa 30 kudzawatenga kuti "akapume" kwanu, isabwere. Ndikudziwa kupuma kwake. Mudzawagoneka pa matiresi abwino, alamu a Jacinta azidzawatembenuza mwaulemu wonse, ndipo ikamafika Khirisimasi bondo lidzakhala litauma chopinda, msana uli zilonda. Miyezi ino ndi imene mwendo umabwerera msanga. Ikadutsa ali chigonere, bambo sadzapondanso pansi. Sindikukuopsezani, ndaziona.

Otsitsa magazi anu aja awaletsa. Ogonetsawo dokotala akuchepetsa pang'onopang'ono, akuti kusiya mwadzidzidzi n'koopsanso. Masiku asanu okha, koma dzulo bambo anakhala tsonga m'mbali mwa bedi osapendekeka, n'kufunsa ngati fodya wotsala uja anamangidwa. Anadandaulanso kuti phala lachepa shuga. Munthu wabwerera.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Musatumizenso piritsi, ngakhale la mutu, osandiuza dzina lake. Ngati mtima ukukuvutani kuti muli kutali, bwerani mudzagwire mbali ina ya nsalu. Sabata imodzi sitolo yanu siigwa.

Kanema uja sindinafufute, ndipo kwa akuluakulu sapita. Ndikutumizirani inu pa telefoni. Ali ndi mankhwala anu onse m'thupi, bambo anaponda kakhumi ndi kamodzi. Werengani nokha, mudziwe munthu amene mukufuna kumugoneka. Mukafika pa khumi ndi kamodzi muzimitse. Chotsalacho ndi changa.

Mayi akupereka moni, akuti musandikalipire kwambiri ndipo ine ndisakukalipireni kwambiri. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa Thokozani, mumuuze kuti agogo ake akumufunsa. Bambo ndawauza kuti ndikulembera inu. Lilime lawo likulemerabe, ndiye ndinachita kuwerama kuti ndimve. Akuti mukamabwera muwauziretu tsiku, ndipo musadzalowe m'nyumba msanga. Mudzaime pa mtengo wa mango, akufuna kudzakuchingamirani okha.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,

Tionge Manueli