Belu la M'dziwe

Little Harnsey
3 Seputembala

Wokondedwa mng'ono wanga Rosalind,

Uli bwanji ku Canada kumeneko? Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tili bwino, kungoti mvula yatikana miyezi itatu, moti nkhosa za a Pargeter zikungonyambita fumbi.

Dziwe la pakati pa mudzi laphwa, Rosalind! Ngakhale a Hoskyns, ndi ukalamba wawo wonse uja, akuti sanaonepo pansi pake. Abusa anati tipezerepo mwayi wochotsa matope, ndiye Loweruka mudzi wonse unatsikiramo ndi mafosholo.

Zimene zinatulukamo! Zitsulo za kumapazi kwa akavalo, timabotolo ta inki, chibenthu cha mphero ya chigayo chakale chija, ndi mwala wosemedwa nkhope ya munthu, umene akuti unagwa pansanja ya tchalitchi zaka mazana atatu zapitazo. A Hoskyns atautsuka anati ndi akazi awo ndendende. Mayiwo anayankha kuti bola mwalawo umadziwa kutseka pakamwa, kusiyana ndi nkhalamba zina.

Tili mkati moseka, fosholo ya wina inagunda chitsulo. Linali belu la m'manja la kusukulu kwathu, lija linasowa mu 1962.

Ukukumbuka kuti mlandu unagwera a Yelland, amene ankasesa pasukulupo? Anawachotsa ntchito, ndipo analowa m'manda ndi dzina la wakuba. Mwana wawo Mavis analipo Lowerukalo. Anatenga belulo, kulipukuta ndi malaya ake, n'kutifunsa tonse kuti ndi wakuba wanji amene amataya m'madzi chimene waba. 

Tsopano ndikuuze zimene ndakhala nazo mumtima. Tsiku limene belu linasowa, aphunzitsi anali atakukwapula m'manja, ndipo madzulo unafika kunyumba siketi itanyowa mpaka m'mawondo. Ndinati basi, ndiwe. M'mawa mwake aphunzitsi atafunsa kalasi yonse, ndinakweza dzanja n'kunena kuti ndinaona a Yelland akutuluka ndi thumba. Thumbalo ndinalionadi, koma ndinkadziwa kuti munali phulusa la m'mbaula.

Dzulo ndinapita kwa Mavis kukaulula. Dzina lako sindinalitchule. Anati za dzanja ndinakweza m'kalasi lija akuzidziwa, popeza ankakhala pa benchi la kumbuyo kwanga. Akuti zaka zonsezi wakhala akundipatsira buku la nyimbo pakhomo la tchalitchi, akudikira kuti aone ngati ndidzayambe ndine. Tiyi anandithirira, koma keke imene inali patebulo sanandidulire. Akufuna kuti Lamulungu ndikanene pamaso pa mpingo, ndipo ndavomera.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti sindinakufunsepo. Kodi unaliponya ndiwedi? Kapena unangoterereka pothamangitsa abakha, ine n'kuipitsa dzina la munthu pobisa mlandu umene sunapalamule? Ngati ndiwe, unalitulutsa bwanji m'kabati ya aphunzitsi yokhoma ija? Ndayesa kuganiza mpaka mutu kuwawa.

Undiyankhe zoona, mwana wa mayi anga, usandinyengerere. Kalata yako idzafika Lamulungu litadutsa, choncho usaope, ndikanena zanga zokha. Zako, ngati zilipo, Mavis akadali m'nyumba yoyang'anana ndi positi ofesi.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Desmond, kwa Philippa ndi ana ake. Mulungu akusungeni nonse m'chisanu chikubweracho.

Ndine mkulu wako,
Hester